Osesa m'nyumba ya tarantula: pomwe amathandiza ndi pomwe amapha

Kuseri kwa bafa lathu kuno ku Dedza kuli mulu wa njerwa zomwe zinatsala pomanga khitchini. Madzi osamba amayenderera pomwepo, choncho pansi pake sipauma ngakhale mu Okutobala. Mukatukula njerwa ya pansi, mumaona tizilombo totuwa, tamsana wa mizeremizere ngati lata, tili balalabalala kuthawa kuwala. Tina tikakhudzidwa timadzipinda n'kukhala ngati njere ya nsawawa. Pa Chingerezi amati woodlice, koma oweta akangaude amakonda kunena kuti ma isopod. Tsiku lina mphwanga anabwera nato m'kachitini. "Malume, ndamva kuti tizilombo iti timasesa m'mabokosi a akangaude. Ndikuthirireni m'bokosi la tarantula wanu wamkulu uja?" Ndinamugwira dzanja asanatsegule chivundikiro. Zomwe anamvazo n'zoona, koma pali mbali ina imene sanauzidwe, ndipo mbali imeneyo ndi yomwe inandiphera kangaude zaka zingapo zapitazo.

Tiyambe ndi uve womwe tikufuna kuchotsawo. Tarantula, kangaude wamkulu waubweya uja, satafuna n'kumeza ngati ife. Akagwira mphemvu kapena chiwala, amachibaya ndi mano ake awiri, n'kuchithira madzi osungunula mnofu, kenako n'kumayamwa msuziwo pang'onopang'ono kwa maola angapo. Akamaliza pamatsala kambulu ka mapiko, miyendo ndi zigoba zophwanyika. Kangaudeyu ndi waukhondo ndithu, amakanyamula n'kukakataya pakona, nthawi zina m'kambale ka madzi akumwa. Kutchire nyerere ndi tizilombo tina timakamaliza usiku womwewo. M'bokosi lagalasi mulibe otola. Kambuluko kakakhala pa dothi lonyowa masiku awiri kapena atatu, kamachita chuku, kamaitana nthata ndi tintchentche tating'ono tomwe timaikira mazira pa zowola. Nthata zochepa sizipha kangaude, koma zikachuluka zimamukwera, kuunjikana kukamwa, n'kumusowetsa mtendere. Maganizo oika ma isopod anachokera pamenepa: mubweze m'bokosi ena mwa otola aja amene kangaude anali nawo kutchire, adye zotsalazo chuku ndi nthata zisanapeze poyambira.

Kuti timvetse chifukwa chake nzeru imeneyi imayenda m'bokosi lina n'kukanika m'bokosi lina, tiyenera kudziwa kuti tizilomboti ndi tiyani. Si abale a mphemvu kapena chiswe ayi. Abale awo ndi nkhanu za mumtsinje wa Linthipe. Makolo awo anali a m'nyanja, ndipo ngakhale anatulukira kumtunda n'kukhala mitundu yoposa 3,000, thupi lawo silinasiyane nawo madzi. Mukatembenuza kamodzi chagada, muwerenga miyendo 14, ndipo kumunsi kwa mimba muona timapepala topyapyala tosanjikizana. Ndi topumira timeneto. Kwa mitundu ina pamaoneka timadontho toyera, tomwe ndi timapapo tothandiza kupuma mpweya wa kumtunda, komabe malo amenewa ayenera kukhala achinyezi. Chigoba chawonso sichisunga madzi ngati cha mphemvu. Mukasiya kamodzi pa simenti youma padzuwa, sikatenga nthawi kafa. N'chifukwa chake masana amabisala pansi pa njerwa n'kumayenda usiku. Wamkazi saikira mazira m'dothi. Amawanyamula m'kathumba ka madzi pansi pa chifuwa mpaka ana ataswa, ndipo anawo amatuluka oyera mbuu, ali ndi miyendo 12, ina iwiri n'kumera pambuyo pake. Akamafundula amavula chigoba pawiri, kuyamba theka lakumbuyo, kenako lakutsogolo. Mukapeza kena kali ndi mitundu iwiri, kotuwa kutsogolo koyera kumbuyo, sikakudwala, kali pakati pa kuvula.

Chakudya chawo chenicheni ndi masamba ofota ndi mitengo yowola. Amafunanso laimu womangira chigoba, komanso, ndipo apa m'pofunika kugwira bwino, amafuna ndiwo. Akapeza chiwala chakufa amachizinga. Akasowa, mitundu ina imadya ngakhale anzawo amene angovula kumene.

Ndiye funso loyamba si lakuti muike ma isopod angati. Funso n'lakuti kangaude wanuyo kwawo n'kotani. Mitundu ya tarantula ilipo yoposa 1,000, ndipo imachokera m'malo osiyana kwambiri. Theraphosa blondi, chimphona cha ku South America, amakhala m'nkhalango za mvula momwe dothi siliuma. Grammostola rosea wa ku Chile amachokera kouma, ndipo mukamunyowetsera dothi amakwera galasi kuthawa, n'kumakhala m'mwamba masiku ambiri miyendo osafuna kuiponda pansi. Akangaude athu a kuno ku Africa amene amatchedwa baboon spider, monga Pterinochilus murinus wofiirira ngati lalanje uja ndi a mtundu wa Ceratogyrus omwe ena ali ndi kanyanga pamsana, amawetedwa pa dothi louma, ndi kambale ka madzi pakona basi. Mukaika ma isopod m'bokosi louma chonchi, pachitika chimodzi mwa ziwiri. Mwina afa, mitembo yawo n'kusanduka uve womwe mumafuna kuthana nawo uja. Apo ayi, mumva chisoni n'kuyamba kuthirira dothi kuti akhale moyo, ndipo pamenepo mwasintha nyumba ya mwini wake pofuna kusangalatsa antchito. Dothi lonyowa m'bokosi lopanda mpweya wokwanira limapha tarantula wa kouma mwakachetechete. Ine pa ichi sindigonja: chinyezi cha m'bokosi chimayezedwa ndi zofuna za kangaude. Ngati ma isopod sangakhale m'chinyezi chimenecho, musawaikemo. Ndipo kunena zoona, m'bokosi louma kambulu kaja kamangouma gwa, sikachita chuku msanga, mumangokatola ndi kopanira kakatali nkhani yatha.

Malo awo enieni ndi mabokosi a akangaude a kunkhalango za mvula, momwe dothi limakhala lonyowa chaka chonse ndipo chuku chimabuka msanga. Koma ngakhale mmenemo pali usiku umodzi woopsa.

Tarantula amakula pofundula. Wamng'ono amafundula kangapo pachaka, wamkazi wamkulu mwina kamodzi pachaka kapena kupitirira apo. Nthawiyo ikamayandikira amakana chakudya, amachita ulesi, mimba imada n'kumanyezimira, ndipo ambiri amatseka pakhomo pa una ndi ulusi ndi dothi. Tsikulo likafika amayala kamphasa ka ulusi n'kugona chagada, miyendo m'mwamba. Munthu wosadziwa amati wafa. Kenako chigoba cha pamsana chimatseguka ngati chivundikiro cha poto, ndipo amasolola miyendo umodziumodzi, ntchito yomwe kwa wamkulu imatenga maola. Akatuluka amakhala wofewa ngati phala la mwana. Mano, omwe masiku onse ndi akuda bii, amakhala oyera, kenako amafiira, n'kudzada patapita masiku. Wamkulu amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti alimbe. Nthawi yonseyi sangalume, sangathawe bwino, ndipo kabala kakang'ono kamatulutsa madzi a m'thupi omwe sauma msanga.

Wanga anali wamng'ono, thupi lake losaposa chala chachikulu, wa mtundu wokonda chinyezi. Ndinamuikira ma isopod a kuseri kwa bafa, akuluakulu ndithu, pafupifupi 10. Miyezi iwiri zinthu zinayenda bwino kwambiri moti ndinkaonetsa alendo. Kambulu kakatayidwa madzulo, m'mawa kalibe. Chimene sindinaone n'chakuti pansi pa khungwa la mtengo lomwe linali m'bokosimo anali ataswana kwambiri, ndipo masamba ouma omwe ndinaika poyamba anali atatha. Usiku wina ndinamuona atagona chagada, ndinazimitsa tochi n'kukagona ndi mtima wosangalala kuti akukula. M'mawa ndinapeza wavula bwinobwino, chigoba chakale chili pambali, koma pamimba pake pali tizilombo tinayi, ndipo pomwe tinali panali ponyowa. Ndinatichotsa ndi nthenga ya nkhuku. Anakhala tsiku limodzi, miyendo n'kupindikira pansi pa thupi monga amachitira akamafa. Tizilomboto sitinachite zachilendo. Tinali ndi njala, tinapeza mnofu wofewa wosayenda, tinadya monga timadyera chiwala chakufa.

Oweta amagawanika pa nkhaniyi. Alipo amene asunga ma isopod ndi akangaude zaka zambiri osaona vuto, ndipo sanama. Alipo ena onga ine. Mukafunsitsa mumapeza kuti kusiyana kwake kumakhala pa zinthu zitatu zolukanalukana: mtundu wa isopod, kukula kwa kangaude, ndi njala. Mtundu womwe ambiri amaukhulupirira ndi Trichorhina tomentosa, toyera ting'onoting'ono tosapitirira mamilimita 5, tomwe timakhala m'kati mwa dothi ndipo timaswana popanda amuna. Tochepa choncho n'tofatsa, ndipo kangaude wamkulu satizindikira n'komwe. Mbali inayi kuli Porcellio laevis, amene amafika pafupifupi masentimita 2, amaswana msanga, ndipo amadziwika ndi nkhuli. Mtundu wake wa mawanga oyera ndi akuda ngati ng'ombe ya mkaka ndi wokongola, anthu amaukonda, koma m'nyumba ya tarantula sungalowe kwanga. Pakatikati pali Porcellionides pruinosus, wothamanga, wooneka ngati wawazidwa ufa, amene anafalikira m'maiko ambiri ndipo amakonda milu ya manyowa. Amapirira kouma pang'ono kuposa anzake, n'chifukwa chake ena amamuyesa, koma nayenso amaswana kwambiri ndipo ndiwo sakana. Odzipinda aja, a mtundu wa Armadillidium ndi ofanana nawo, amayenda pang'onopang'ono, koma akakula ndi akulu ndithu.

Pa kangaude wamng'ono palibe zokambirana. Kamwana ka tarantula kamakhala m'kabotolo, kamafundula pafupipafupi, ndipo isopod mmodzi wamkulu akhoza kufanana nako msinkhu. Musaikemo. Chimodzimodzi wamkazi amene wanyamula thumba la mazira. Palinso chovuta china chomwe sichipha koma chimasautsa: tizilombo tikachuluka timayenda pa miyendo ya kangaude usiku wonse. Tarantula saona bwino, dziko amalimva ndi ubweya wa m'miyendo, choncho kukhudzidwa kosalekeza n'chimodzimodzi kugona m'nyumba ya nsikidzi. Mukaona kangaude wa pansi wasamukira pagalasi kapena wayamba kuzungulirazungulira bokosi, tukulani khungwa muwerenge antchito anu.

Pali osesa ena amene sakambidwa kwambiri koma ndi omwe ndimayamba nawo, ma springtail. Mukathirira mphika wa maluwa n'kuona tinthu toyera ngati fumbi la ufa tikudumphadumpha pamwamba pa dothi, ndi timeneto. Tili ndi miyendo 6 ndi kamchira kopindika pansi pa mimba komwe timadumphira. Timadya chuku chenichenicho, chomwe ndi mdani wamkulu m'bokosi lonyowa, ndipo n'tochepa kwambiri moti sitingavulaze kangaude. Kuweta kwake n'kotchipa. Tengani kontena ya pulasitiki, ikanimo makala oswa osapaka palafini, thirani madzi pang'ono pansi, ikanimo tizilomboto, n'kumaponyamo njere ziwiri zitatu za mpunga wosaphika. Mpungawo ukachita chuku ndiye chakudya chake. Mukafuna kutisamutsa, mumapendeketsa kontena madzi n'kutuluka nato, popeza timayandama. Zigoba zolimba sitingamalize ngati mmene amachitira ma isopod, koma pa mabokosi ambiri ntchito yake imakwana.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Toyera ting'onoting'ono tija simungatipeze pa msika wa Lizulu kapena wa Bembeke. Ambiri a ife chomwe tili nacho ndi cha pansi pa njerwa ndi m'munsi mwa nthochi, ndipo chimenecho chili ndi mavuto awiri. Loyamba ndi lomwe ndafotokoza lija, kuti ambiri mwa amenewa ndi a mitundu ikuluikulu. Lachiwiri ndi mankhwala. Dera lathu lino, kuyambira ku Dedza mpaka ku Tsangano, ndi la mbatatesi, tomato ndi kabichi, ndipo aliyense amadziwa mmene timapoperera mbewu zimenezi. Onjezanipo mankhwala a nankafumbwe m'matumba a chimanga, a chiswe m'maziko a nyumba, ndi opopera udzudzu. Ma isopod amadya zinyalala za pamalo amenewo, ndipo kangaude akhoza kugwira mmodzi n'kumudya. Mankhwala opangidwira kupha tizilombo sasankha kuti uyu ndi woweta. Dothi ndi masamba a kudimba nazonso zimabwera ndi alendo: nyerere, mazira a nankalizi, nthata.

Ngati mwatsimikiza kuyesa, njira yabwino ndi kuyamba mwawaweta paokha. Tolani kutali ndi dimba lopopera ndi kutali ndi dzala lotayako mabatire ndi zitini za mankhwala. Aikeni m'kontena yoboola timabowo ting'onoting'ono m'mbali, muli dothi lokuya ngati zala zinayi, mbali imodzi yonyowa ina youmirapo kuti azisankha okha. Pamwamba unjikani masamba ouma a mango, a masuku kapena a mitengo ya m'nkhalango zathu za miombo, mutayamba mwawathira madzi owira n'kuwayanika. Masamba ndi utuchi wa paini, ngakhale tili nazo zambiri kuchokera m'phiri la Dedza, musagwiritse ntchito, chimodzimodzi bulugamu, chifukwa utomoni ndi mafuta ake onunkhira aja sizigwirizana ndi tizilombo. Ikanimo phale kapena khungwa lobisalamo, ndi makoko a mazira osinja kuti apeze laimu. Kamodzi pasabata kachidutswa ka dzungu kapena karoti, ndi kamutu ka usipa, n'kuchotsa zotsala zisanawole. Dikirani mpaka aswane. Amene mudzagwiritse ntchito ndi ana obadwira m'kontenamo, osati makolo otoledwa panja. Kudikiraku kumakupatsaninso mpata wowaona khalidwe. Ngati kamutu ka usipa kakutha m'maola ochepa chigulu chitakaunjirira, mwadziwa chomwe angachite kwa kangaude wogona chagada.

Kuzizira kwathu nakonso kuli ndi mbali yake. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julaye m'nyumba mumazizira zedi. Ma isopod amachepetsa kudya ndi kuswana, kangaude nayenso amadya mwa apo ndi apo, dothi limachedwa kuuma. Munthu amene amathirira mofanana chaka chonse amapeza bokosi lasanduka dambo. Kukayamba kutentha mu Seputembala ndi Okutobala zinthu zimatembenuka: kuswana kumabuka nthawi imodzi, masamba amatha msanga, ndipo m'nyengo yomweyi akangaude amadya kwambiri ndi kukula msanga. Ngozi yanga ija inachitika mu Okutobala. Amene mumakhala kumunsi kwa phiri, ku Golomoti kapena ku Mtakataka komwe kumatentha, yembekezerani kuti kuswanako kukhala kwachangu kuposa kuno.

M'bokosi la kangaude wamkulu wokonda chinyezi, yambani ndi ochepa, asanu kapena asanu ndi mmodzi. Pakona yakutali ndi una pazikhala masamba ouma nthawi zonse, mulu ukatsika muwonjezere, chifukwa isopod wokhuta safunafuna zina. M'kambale ka madzi ikanimo kamwala kuti ogweramo azikwera, apo ayi mudzapeza amira n'kuononga madzi. Kamodzi pamwezi ikani kachidutswa ka mbatatesi yosenda madzulo, m'mawa mutukule. Onse amene adzaunjikana pansi pake mwawawerenga, ndipo ngati achuluka mumawabweza m'kontena yawo. Msampha womwewu ndi umene mumatchera masiku angapo motsatizana kangaude akangoyamba kukana chakudya. Simungawachotse onse, ena amakhala pansi pa dothi, ndipo kufukula bokosi pamene kangaude ali pafupi kufundula n'koopsa kuposa kuwasiya. Chitanipo kanthu zizindikiro zikangoyamba. Akagona kale chagada musamukhudze, musamusunthe. Chomwe mungachite ndi kukhala pafupi ndi nthenga, kukankha aliyense woyandikira.

Ntchito zina ma isopod sangakugwirireni. Ndowe za tarantula, zoyera ngati laimu zomwe amakonda kuwaza pagalasi, mudzapukuta nokha ndi kansalu konyowa kopanda sopo. Mphemvu kapena nkhululu yamoyo imene kangaude wakana iyenera kutuluka pasanathe tsiku, chifukwa nayo imaluma kangaude wofewa. Kambale ka madzi kamatsukidwa ndi dzanja lanu. Ndipo pa akangaude a ku Africa ndi ku Asia, dzanjalo lisalowe m'bokosi. Iwowa alibe ubweya woyabwa womwe ambiri a ku America amathothola podziteteza, chida chawo ndi liwiro ndi mano, ndipo ululu wa Pterinochilus murinus umapweteka koopsa. Gwiritsani ntchito kopanira kakatali, ana akhale patali.

Mawu ochepa pa za kapezedwe. Ma tarantula a mtundu wa Brachypelma a ku Mexico ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, la pakati pa maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, lomwe dziko la Malawi linasainira, choncho kuwadutsitsa m'malire kumafuna zikalata. Musanaitanitse kangaude kapena isopod kunja, kapena kukumba wa kutchire, kafunseni ku dipatimenti yoona za malo osungirako nyama zakutchire. M'nkhalango zotetezedwa monga Chongoni musakumbe. Wamkazi mmodzi amatha kukhala pa una umodzi zaka zambiri, ndipo mukamuchotsa mwachotsa ana onse amene akanabadwira pamenepo. Ma isopod ochokera kunja musawatayire kuseri kwa nyumba mukatopa nawo.

Mphwanga uja sanabwerere nako kachitini kake. Tinapeza kontena ya ayisikilimu, tinaboola ndi msomali wotentha, iye n'kukatola masamba pansi pa mtengo wa mango wa agogo ake. Pano ili pansi pa tebulo m'chipinda chake, ndipo Loweruka lililonse amaikamo kachidutswa ka dzungu. Sabata yatha anandiitana kuti ndikaone ana oyamba, toyera ngati njere za mpunga wosweka, tili m'mphepete mwa phale. Anafunsanso za wamkulu uja. Ndinamuonetsa pakhomo pa una, pomwe kangaudeyo watseka ndi ulusi ndi dothi, chiwala cha dzulo osachikhudza. Tinachotsa chiwalacho ndi kopanira, tinadzaza kambale ka madzi, n'kuphimba mbali imodzi ya galasi ndi chitenje.